Magetsi akabwera Pi imangokhala duu: yankho pa draiva wa hwrng

Funsoli latifika kuchokera kwa achimwene ena a ku Salima, ali ndi kamalo kawo ka wifi cha ku Kamuzu Road komwe anthu amagula mavocha nkumalowa pa intaneti. Ndilifupikitse. Akuti ali ndi Raspberry Pi 4 (kakompyuta kakang'ono) yomwe imapanga mavochawo, kernel yake (mtima wa Linux) ndi 4.19 ndipo anaikompaila okha pofuna kuti ka USB ka wifi kagwire ntchito. Chiyambireni pamenepo magetsi akathima nkubwera, Pi ija imayaka bwinobwino koma SSH (njira yolowera mu Pi uli pa kompyuta ina) ndi tsamba la mavocha sizidzuka mpaka padutse mphindi zingapo, chodabwitsa akalumikiza kiyibodi nkumangodina mabatani chisawawa zonse zimadzuka msanga. Akawerenga /dev/hwrng, fayilo yotulutsa manambala a maere ochokera ku kachipangizo ka mu chipu, ikuwayankha kuti No such device. Alinso ndi desktop yakale yomwe anaikapo Proxmox, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekeza (ma VM) mkati mwa kompyuta imodzi, mu VM yake muyeso wotchedwa entropy_avail ukungoonetsa 256 osasuntha, nde munthu wina wawauza kuti ayendetse rngd -r /dev/urandom pa makina onse awiri basi nkhani yatha. Akufunsa kuti atero kapena ayi.

Achimwene musatero ayi, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Koma choyamba ndikuuzeni kuti mwaphatikiza mavuto awiri pamene lenileni ndi limodzi lokha. Pi ija ikudwaladi. VM ija ilibe kanthu, ili bwinobwino.

Tiyambe ndi 256 ija poti nde yakusowetsani tulo pachabe. Kale nkhokwe ya entropy mu Linux, kutanthauza tizinthu tosaloserereka tomwe kernel imatolera kuti izipangira manambala a maere, inkayezedwa mpaka mabiti 4096, ndipo zolemba zambiri zomwe mungazipeze pa intaneti zinalembedwa nthawi imeneyo, zimati nambala ikatsika pansi pa 1000 muli pa mavuto. Mu 2022 Jason Donenfeld, yemwe analembanso WireGuard, anakonza mbali imeneyi ya kernel kwambiri, mu 5.17 anachotsa njira yosakanizira ya SHA-1 nkuikapo ya BLAKE2s, kenako kuyambira 5.18 nkhokwe ija ndi ya mabiti 256 basi. Nde mukaona 256 dziwani kuti ndowa yadzadza mpaka pakamwa, palibenso poti nkuthirapo. Zosinthazi anazibwezeranso ku makernel ena akale omwe amasamalidwabe, choncho musadabwe kuona 256 ngakhale pa 5.10 kapena 5.15. Komanso kuyambira 5.6 mu 2020 /dev/random simaimaima ngati kale, ikangodzadza kamodzi poyaka imangopereka manambala mosalekeza. VM yanuyo isiyeni ipume.

Tsopano Pi. Zomwe mwanena za kiyibodi zija ndi umboni waukulu kuposa china chilichonse mu kalata yanu. Kompyuta payokha siidziwa kuchita maere, chilichonse imachita motsatira ndondomeko, nde kuti ipeze manambala oti munthu sangawalosere imatolera tizinthu tosayembekezereka, nthawi yeniyeni yomwe batani ladinidwa, nthawi yomwe paketi yafika pa netiweki, kuzungulira kwa hadi disiki ndi zina zotero. Pi yomwe ili pa shelefu yopanda kiyibodi, yopanda mausi, yogwiritsa SD khadi yomwe mulibe chozungulira, imasowa potolera. Mapulogalamu ngati sshd ndi seva ya https amaitana getrandom(), yomwe inabwera mu 3.17 chaka cha 2014, ndipo getrandom() simayankha mpaka kernel itakhutira kuti yatolera zokwanira. Nde amangodikira. Inu mukamadina mabatani mumakhala mukuithirira ndi manja. Mu 5.4, chaka cha 2019, Linus Torvalds anaikamo njira yoti kernel izidzipangira yokha entropy kuchokera ku kusinthasintha kwa nthawi mu purosesa ikaona kuti wina akudikira, nchifukwa chake kudikira kwa mphindi zambiri sikuonekaoneka masiku ano, koma inu muli pa 4.19, chithandizo chimenecho mwina mulibe.

Musangondikhulupirira, tsimikizani. Yatsani Pi osakhudza kiyibodi, ikadzuka lembani dmesg | grep -i crng muone mu mauthenga a kernel mzere woti random: crng init done. Nambala yomwe ili kumanzere kwake ndi masekondi chiyakireni. Ikakhala 3 kapena 5 vuto lanu lili kwina, mwina netiweki kapena SD khadi yomwe ikudzikonza chifukwa chothimitsidwa mwadzidzidzi, pamenepo systemd-analyze blame ikuuzani wochedwetsa. Koma ikakhala 180 kapena 300 nkufanana ndi nthawi yomwe SSH imadzukira, tagwira mbava.

Nde chomvetsa chisoni nchakuti mu Pi 4 muli kale kachipangizo kopanga manambala a maere mkati mwa chipu, kangokhala osagwiritsidwa ntchito. Ine ndimakonda kuziona ngati mjigo. Madzi pansi alipo, koma kuti afike mu ndowa pakufunika mapaipi, chopopera komanso munthu wopopa, china chikasowa pa zimenezi mubwerako ndi ndowa youma nkumati chitsime chaphwa pamene sichinaphwe. Tizitsata chimodzichimodzi kuyambira pamwamba kutsikira pansi.

Yankho lija loti No such device likutiuza kale kanthu kabwino. Fayilo ya /dev/hwrng ilipo, kutanthauza kuti CONFIG_HW_RANDOM munaisiya yoyaka, mutu wa zonse womwe amautcha rng-core uli moyo. Mukanakhala kuti munaichotsa bwenzi ikunena kuti No such file or directory, mau awiriwa amafanana koma akunena zinthu zosiyana kwambiri. Mukapanga ls -l /dev/hwrng muona manambala 10, 183, ndiwo ake enieni. Chomwe chikusowa ndi draiva, kapulogalamu kolankhula ndi kachipangizoko, woti abwere adzalembetse pansi pa rng-core. Onani mafayilo awiri awa, cat /sys/class/misc/hw_random/rng_available komanso rng_current mu foda yomweyo. Ndikuyembekeza kuti yoyambayo ikhala yopanda kanthu ndipo yachiwiriyo inena none.

Apa nde pali msampha womwe ndikuganiza kuti ndi umene wakukolani, poti inenso unandikolapo. Zaka zapitazo ndinkakonza Pi 4 ya laibulale ya pa sukulu ina kuno ku Nkhotakota, ndinkafuna kernel yaing'ono yoyaka msanga poti imadalira sola, ndiye mu menuconfig ndinkachotsa chilichonse chomwe ndinkaona ngati si changa. Ndinafika pa Device Drivers, Character devices, Hardware Random Number Generator Core support, ndinaona mzere wa Broadcom BCM2835 nkuusiya poti dzina limenelo aliyense wa Pi amalidziwa, pansi pake panali wina wa Broadcom iProc RNG200, ndinati izi nza ma rauta akuluakulu nkuuchotsa. Masiku awiri ndinakhala mu kachipinda kotentha kaja, malata akuthetheka pamwamba, ndikusintha ma SD khadi ndi ma chaja, osadziwa kuti ndachotsa ndekha draiva wofunikayo. Nkhani ndi iyi, Pi 1, 2, 3 ndi Zero zimagwiritsa bcm2835-rng, koma Pi 4 yomwe inatuluka mu 2019 ili ndi chipu china, BCM2711, ndipo kachipangizo kake ka maere ndi kamtundu wina, draiva wake ndi iproc-rng200. Mu config dzina lake ndi CONFIG_HW_RANDOM_IPROC_RNG200.

Nde pitani mu foda yomwe munakompailira mulembe grep HW_RANDOM .config muone. Ngati fodayo munaifufuta yesani sudo modprobe configs kenako zcat /proc/config.gz | grep HW_RANDOM, imagwira ngati munasiya IKCONFIG. Mukaona kuti IPROC_RNG200 is not set, mwapeza. Iyatseni, ndipo ine ndinganene kuti muike y osati m (m ndi module, draiva wolowa payekha pambuyo pake), kuti draiva akhale mkati mwenimweni mwa kernel adzuke koyambirira, poti vuto lanu ndi la nthawi yoyaka, simukufuna draiva wobwera mochedwa anzake atayamba kale kudikira.

Mukapeza kuti ili pa m, nde funso ndi loti module ikulowa kapena ayi. Lembani lsmod | grep rng, ngati palibe yesani sudo modprobe iproc-rng200 muwerenge bwino zomwe ikuyankheni. Ikati Module not found, fananizani zomwe uname -r ikunena ndi maina a mafoda omwe ali mu /lib/modules, anthu ambiri amakopera kernel yatsopano ku /boot nkuiwala make modules_install, nde kernel imafunafuna foda ya dzina lake osaipeza. Ikati Exec format error ndekuti module inamangidwira kernel ina, dmesg ikuonetsani mzere wa version magic wosagwirizana. Zonsezi mankhwala ake ndi amodzi, mangani kernel ndi ma module nthawi imodzi nkuziika limodzi.

Tiyerekeze kuti draiva alipo, walowa, koma rng_available ikadali mbee. Apa titsikire ku device tree. Pa makompyuta a ARM ngati Pi kernel siifufuza yokha kuti pa bolodi pali chani, imauzidwa ndi fayilo ya .dtb, ndipo draiva amangodzuka ngati dzina lomwe iye akulidziwa likufanana ndi lomwe lalembedwa mu fayiloyo. Lembani ls /proc/device-tree/soc | grep rng, muyenera kuona rng@7e104000, lowani mmenemo mupange cat compatible, pa Pi 4 dzinalo limathera ndi rng200. Ngati muli fayilo ya status ione, ikanena disabled ndekuti kachipangizoko kazimitsidwa dala. Chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi munthu kuika kernel yatsopano koma .dtb nkusiya yakale kapena ya kwina, maina nkusemphana, draiva ali apo chipangizo chili apo osadziwana. Pokompaila pangani make dtbs nkukopera .dtb yochokera mu mtengo womwewo wa kernel yanu. Mu dmesg mukaona probe failed tayang'anani nambala yake, -19 ndekuti chipangizo sichinapezeke, -517 ndekuti draiva akudikira chinthu china monga clock chomwe draiva wake sanadzuke, mwina nayenso munamuchotsa.

Chabwino, tinene kuti rng_current tsopano ikuonetsa dzina. Musathamangire kusangalala, lawani madziwo kaye. Lembani sudo head -c 64 /dev/hwrng | xxd kawiri katatu, muone ngati zotuluka zikusiyana nthawi iliyonse. Mukaona 00 yekhayekha kapena ff yekhayekha, chipangizocho chikunama. Kenako ikani rng-tools mupange sudo cat /dev/hwrng | rngtest -c 1000. Iyi imadula zotulukazo mu zigawo za mabiti 20,000 nkuziyesa ndi mayeso a FIPS 140-2. Pa zigawo 1000 kulephera kamodzi, kawiri, ngakhale katatu nkwabwinobwino, manambala a maere enieni amatero nthawi zina, koma zikalephera makumi kapena mazana pali vuto. Ndinene poyera kuti kukhoza rngtest sikutanthauza kuti manambalawo ndi achinsinsi, mayesowa amangogwira chipangizo chomwe chafa kapena chapenga moonekeratu.

Za ff yekhayekha zija si nthano. Mu 2019 ma purosesa a AMD Ryzen 3000 atangotuluka, lamulo la RDRAND, lopemphera nambala ya maere kwa purosesa, linkabweza 0xFFFFFFFF nthawi zonse uku likunena kuti zayenda bwino, ma Linux ena atsopano ankakanika kuyaka chifukwa systemd inkangozungulira kufuna nambala ina yosiyana, mpaka anthu anachita kuika BIOS yatsopano. Ma AMD ena akale ankachitanso zomwezo akadzuka ku suspend. Nchifukwa chake kernel simatenga gwero limodzi nkulipereka kwa mapulogalamu momwe liliri, imasakaniza ndi zina zonse.

Pali chinanso pa 4.19 chomwe chimagwetsa anthu ulesi. Draiva atha kugwira bwinobwino, /dev/hwrng nkumatulutsa manambala abwino, koma crng init done nkumachedwabe. Chifukwa chake ndi chomwe amachitcha quality. Mu kernel muli kantchito kotchedwa hwrng komwe kamatunga ku chipangizo nkumathira mu nkhokwe, koma pa makernel akale kamangoyamba ngati draiva wanena kuti manambala ake ndi odalirika bwanji, muyeso wake ndi mabiti angati pa 1024 aliwonse. Madraiva ambiri nthawi imeneyo sankanena kanthu, quality nkukhala 0, kutanthauza kuti mjigo ulipo koma wopopa palibe. Onani ndi ps -e | grep hwrng. Ngati palibe muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyendetsa rngd yochokera mu rng-tools kuti iziwerenga /dev/hwrng nkumathira mu kernel, onetsetsani ndi systemctl status kuti ikudzukadi poyaka. Yachiwiri ndi kuonjezera rng_core.default_quality=1000 mu /boot/cmdline.txt, kumbukirani kuti fayilo imeneyi ndi mzere umodzi wokha, muonjezere kumapeto kwa mzerewo osadina Enter, mukadula mzere Pi imanyalanyaza zapansizo. Ine pa makina opanda munthu pafupi ndimakonda yachiwiriyi poti siidikira pulogalamu ina iliyonse.

Tsopano za malangizo munapatsidwa aja. rngd -r /dev/urandom imatenga manambala omwe kernel yatulutsa nkuwabwezera kwa kernel yomweyo nkuiuza kuti awa ndi atsopano. Kuli ngati kutunga madzi mu ndowa ndi kapu nkuwathiranso mu ndowa momwemo nkumawerenga kuti ndathira makapu khumi. Pi idzadzuka msanga zedi, inu nkuona ngati mwakonza, koma chomwe mwachita ndi kunamiza mlonda yemwe amaletsa makiyi kupangidwa nthawi isanakwane. Ndipo pa malo ngati anuwo izi zikukhudza ndalama. Mavocha anu, makiyi a SSH, makiyi a https, zonse zimachokera mu nkhokwe imeneyo. Pi 4 ilibe wotchi ya batire, nde kuyaka kulikonse kumafanana kwambiri ndi kwa dzulo, ngati nkhokwe ili yosadzadza manambala otuluka atha kukhala oloserereka. Mu 2012 ofufuza anasanthula makiyi a pa intaneti yonse nkupeza ma rauta ndi tizipangizo tambirimbiri tili ndi makiyi ofanana kapena osavuta kuthyola, gwero lake linali lomweli, kupanga makiyi poyaka koyamba entropy isanakwane. Ndi bwino Pi ichedwe mphindi zitatu kusiyana nkuti idzuke msanga ndi makiyi ofooka. Ena akuuzani za haveged, pulogalamu yopanga entropy kuchokera ku kusinthasintha kwa nthawi mu purosesa, imeneyo ndiyabwinoko kuposa chinyengo cha urandom, koma inu muli ndi chipangizo chenicheni pa bolodi, konzani draiva.

Ndibwerere pang'ono ku desktop ija poti ndikudziwa mukaisuzumiranso. Mukaona mu dmesg mzere woti intel_rng: FWH not detected musadandaule, draiva ameneyo ndi wa machipu akalekale a Intel 82802 a nthawi ya Pentium III, sakukhudzana ndi purosesa yanu. Pa Intel za masiku ano gwero ndi RDRAND yomwe inayamba ndi Ivy Bridge mu 2012, ndi RDSEED yomwe inabwera ndi Broadwell, ndipo izi sizidutsa ku /dev/hwrng, kernel imaziitana mwachindunji. Lembani grep -o -m1 rdrand /proc/cpuinfo, ikabweza mau ndekuti ilipo. Ma desktop ambiri a kaunjika omwe timagula kuno ndi Core 2 Duo kapena i5 ya m'badwo wachiwiri, amenewo alibe, ndipo palibe draiva yemwe angaibweretse. Ngakhale purosesa ili nayo, VM siiona ngati mtundu wa CPU mu Proxmox uli pa kvm64, muyenera kuusintha kukhala host. Chosavuta kwambiri ndi kupita pa Hardware ya VM, Add, VirtIO RNG, gwero nkusiya /dev/urandom ya makina enieniwo. Apa urandom ilibe vuto chifukwa ikuchokera ku kernel ina yomwe yadzadza kale, sikudzithira yokha. Mu VM rng_current idzaonetsa virtio_rng.0. Pa makina ena muona tpm-rng-0, imeneyo ndi TPM, kachipu ka chitetezo, koma pa AMD kernel inasiya kugwiritsa fTPM (TPM ya mkati mwa purosesa) ngati gwero mu 2023 chifukwa inkachititsa makina kudodomadodoma, nde ikasowa pamenepo si inu mwalakwitsa.

Zinthu ziwiri zomwe simunafunse koma ndikuona kuti zikukhudzani. Muli mu dmesg momwemo fufuzaninso mau oti Under-voltage. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A, ma chaja a foni omwe timagula pa msika ambiri safika pamenepo makamaka mukalumikiza ka USB ka wifi, ndipo magetsi osakwanira amabweretsa zizindikiro zosokoneza zomwe munthu umataya nazo sabata ukuimba mlandu draiva. Chachiwiri, ngati mudzatsegule kamalo kena ku Senga Bay kapena ku Chipoka nkukopera SD khadi yomweyi, musaiwale kufufuta /etc/ssh/ssh_host_* nkupanga atsopano ndi dpkg-reconfigure openssh-server, komanso /var/lib/systemd/random-seed, apo ayi ma Pi awiriwo adzakhala ndi makiyi amodzi.

Kunena zoona 4.19 yakalamba, inasiya kulandira zokonza kumapeto kwa 2024. Mukapeza mpata tsiku lomwe makasitomala achepa, tengani SD khadi ina muikepo Raspberry Pi OS yatsopano muone ngati ka wifi kanu kaja sikakugwira kokha, mwina simufunikanso kukompaila chilichonse, ndipo ngati draiva wake akufunikabe mumange yekhayo ndi DKMS, chida chomanganso draiva kernel ikasintha, pamwamba pa kernel ya eni ake. Koma za lero yambani ndi grep HW_RANDOM ija, mukapeza zina zosiyana ndi zomwe ndanenazi nditumizireni zomwe dmesg | grep -i -e rng -e crng ikuonetsa pamodzi ndi uname -r, tiziona limodzi.